Focusrite Control yandizunguza mutu: woimba akudzimva kawiri m'mahedifoni

wa_ma_beat_Ndirande

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi kastudio kuchipinda, ndimagwiritsa ntchito pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio pa laputopu ya Windows. Poyamba ndinali ndi Scarlett Solo, kabokosi kolumikizira maiki ku kompyuta, ija ili ndi kabatani ka Direct Monitor kutsogolo: ukangodina, basi woimba akudzimva. Pano msuweni wanga wandibweretsera Scarlett 4i4 ya 3rd Gen kuchokera ku Johannesburg, ndiye kabatani kaja palibe, zonse akuti uzichitira mu pulogalamu yake ya Focusrite Control.

Mlongo wina wa kwaya ya kutchalitchi kwathu akamaimba akuti mawu ake akumveka kawiri, ena akutsalira pang'ono, mpaka akumataya nyimbo. Ndikakweza masipika, maiki ikungolira kuti tswiii. Ndikufuna iye azimva beat, mawu ake ndi ka reverb (mchira wa mawu ngati wa m'holo) pang'ono m'mahedifoni, masipika azitulutsa beat yokha. Ndiyambire pati?

madala_a_pa_mixer

Achimwene, musayambire pa maiki, yambirani kumene mawu akutulukira. Tsegulani Output Routing mu Focusrite Control, mutenge output (potulukira mawu) imodziimodzi ndi kudzifunsa kuti: chimene chikutuluka apa chikuchokera kuti? Kochokera kulipo kuwiri basi. Hardware Inputs ndi mawu ochokera pa mabowo a kabokosiko, asanalowe mu kompyuta. Software Playback ndi zimene FL yabweza.

Mlongoyo akudzimva kawiri chifukwa njira zonse ziwiri n'zotsegula. Zili ngati anthu awiri onyamuka limodzi ku Ndirande kupita ku Limbe, wina wadutsa chachidule, wina wazungulira m'tauni: sangafike limodzi. Wozungulirayo ndi mawu odutsa mu FL.

Pa 4i4 imeneyo, mahedifoni amatenga zimene zili pa output 3-4. Ndiye pamenepo sankhani Custom Mix, muikemo Analogue 1 (maiki) ndi Playback 1-2 (beat yochokera mu FL). Pa Monitor Outputs 1-2, popita ku masipika, sankhani Playback 1-2 yokha, osaikamo maiki. Kenako mu FL, track ya maiki muichotse ku Master, track yaikulu imene zonse zimatulukira, kuti isabwererenso. Kulira kuja kutha. Komabe ine ndikamajambula m'chipinda chimodzi ndi woimba ndimatsitsiratu masipika, chifukwa maiki ya condenser imatola ngakhale tambala wa aneba, nanji beat ili pafupi pomwepo.

mayi_wa_podcast

Zimene anena madalawo n'zoona, koma reverb aiiwala. Kabokosi kameneko kalibe reverb m'kati, iyenera kuchokera mu FL. Chitani chonchi: track ya maiki ija muitumize ku track ina yopanda kanthu, muikepo reverb, dry (mawu enieniwo) mutsitse mpaka ziro, patsale wet (reverb) yokha. Track ya reverb nayonso muichotse ku Master, pansi pake musankhe output 3-4. Mubwerere ku Custom Mix ija, muwonjezeremo Playback 3-4.

Reverb ifika mochedwa ndithu, koma khutu silidandaula, poti mchira wa mawu umayenera kubwera pambuyo. Musaichulukitse. Oimba a kwaya amaikonda kwambiri, koma ikachuluka samva akaphonya kiyi.

aise_wa_Area25

Ine ndiye ndikuona ngati mukuzitalikitsa. Tsitsani buffer (kuchuluka kwa mawu amene kompyuta imasunga kaye isanawatulutse) ifike 128 kapena 64, mutseke Analogue 1 mu Focusrite Control, muzimvera zonse kudzera mu FL. Kungoti onetsetsani kuti mu Audio settings mwasankha driver ya Focusrite USB ASIO, osati FL Studio ASIO. Anthu ambiri amagwera pomwepa n'kumanyoza kabokosi kosalakwa.

madala_a_pa_mixer

Aise, zimenezo zimatheka laputopu ikakhala yamphamvu. Werengani bwino: pa 48kHz, buffer ya 128 ndi pafupifupi mamilisekondi 2.7 mbali imodzi, ya 512 ndi pafupifupi 10.7, ndiye mawu ayenera kupita ndi kubwera, kuwonjezapo za kabokosiko. Beat ikakhala ndi ma plugin ambiri, pa 64 imayamba kuthetheka, umakweza buffer, kuchedwa kuja n'kubwereranso. Direct monitoring, kumva maiki isanadutse mu kompyuta, ilibe nazo ntchito zimenezo. Za driver ndiye mwalasa.

wa_ma_beat_Ndirande

Zikomo nonse, zatheka monga ananenera madala ndi amayi, mawu akumveka kamodzi ndipo reverb ilipo. Kwatsala ziwiri. Mawu ake akumveka khutu lakumanzere lokha. Komanso ndatsitsa fader (chotsitsira voliyumu) ya Analogue 1, koma zojambulidwa zikusweka akakweza mawu pa kolasi.

mayi_wa_podcast

La khutulo: mwaika Analogue 1-2 ngati stereo, ndiye maiki yagwera kumanzere. Isiyanitseni ikhale mono, pan (chosankhira kumanzere kapena kumanja) ikhale pakati. Mu FL namonso sankhani input ya mono, osati ya stereo.

Fader ya mu Focusrite Control imangosintha zimene woimba akumva, zolowa mu FL siizikhudza. Chochepetsa ndi gain, chopotokola cha mphamvu ya maiki kutsogolo kwa kabokosi. Muwauze aimbe pamene pali pokwera kwambiri, muzitsitsa mpaka kamphete kozungulira gain kasiye kufiira. Akadandaula kuti sakudzimva, musakwezenso gain, tsitsani Playback 1-2 mu mix yawo kenako mukweze voliyumu ya mahedifoni. Zikakhala bwino musunge ndi Save Snapshot, kuti tsiku lojambula gitala mudzangosintha osayambiranso pachiyambi.