Bodi ya tipa ikumatsika yokha, makanika akuti alowa pansi titachirikiza ndi chipika, ndimulole?

Wamchenga_25

Akuluakulu muli bwanji. Ndili ndi tipa ya matani 4 ya ku Japan, zija silinda yake imakhala pansi pa bodi, imatuta mchenga ndi kwale kuno ku Lilongwe. Chiyambireni mvula yayamba mavuto, ukakweza bodi nkuisiya mmwamba imayamba kutsika yokha pang'onopang'ono liva osaikhudza, komanso mchenga ukakhala wonyowa imakweza pang'ono basi kenako imangolira osapitirira mpaka anyamata aphunguleko wina ndi fosholo. Oyilo sakudontha, pomwe imagona palibe olo dontho.

Makanika wanga akuti tipange ziwiri. Amange relief valve, valavu ija imaphungula oyilo pulesha ikapyola muyezo, kuti pulesha ikwere nde izikweza bwinobwino, komanso akufuna alowe pakati pa bodi ndi chasisi akaone mapaipi bodi ili mmwamba titachirikiza ndi chipika cha bulugamu, poti chitsulo chochirikizira chija chimabwera ndi galimoto chinathyoka kalekale ndisanaigule. Ine mtima ukukana koma iye akuti zimenezi wazipanga kambirimbiri. Odziwa za haidiroliki tandithandizeni chonde, galimotoyi ndi ya ngongole ikagona nane ndagona.

Madala a Garaja

Achimwene, zonse ziwirizo mukaneni, ndipo yachiwiriyo mukane mokweza mawu.

Bodi ikakhala mmwamba chomwe chaigwira ndi oyilo amene watsekeredwa mu silinda, palibenso china. Oyilo ameneyo akapeza potulukira, kaya paipi yaphulika, kaya seal (karabala kotchinga oyilo) yatha, kaya munthu wagunda ka rod kotsitsira ndi phewa ali pansipo, bodi imabwera ndi kulemera kwake konse ndipo sidikira kuti injini ikhale ikulira, kutsika sikufuna injini. Nde inu mwanena nokha kuti yanu ikutsika kale popanda woikhudza, ndiye kuti potulukira palipo kale, zomwe simukudziwa ndi tsiku lomwe patakule. Munthu alowe pansi pa bodi yoteroyo kukagwedeza mapaipi omwewo? Ayi. Ndipo choopsa kwambiri anyamata ena amaiwala nkumasula nati ya paipi bodi ili mmwamba kuti aone ngati oyilo akufika, pamenepo ndiye bodi imagwa nthawi yomweyo.

Kaye konzetsani chochirikizira chija. Pitani kwa owotcherera odziwa, akupangireni cha chitsulo chochindikala, chokhala pa pini pa chasisi ndipo kumtunda chizilowa mkachisa kake pansi pa bodi kuti chisaterereke. Osati paipi ya madzi yopyapyala ayi. Kagwiritsidwe kake, bodi ikhale yopanda kanthu, chochirikizira sichinapangidwire kunyamula mchenga. Galimoto iime pamalo athyathyathya, handibuleki, matayala muwatchinge. Kwezani, imikani chitsulocho mutaima pambali osalowetsa mutu, kenako tsitsani bodi pang'onopang'ono mpaka itakhala pachitsulopo kuti kulemera kuchoke pa silinda. Ambiri amasiya mpata pakati, ati bola chilipo, nde bodi ikagwa imachimenya ndi liwiro nkuchipinda. Mukatero chotsani PTO (giya ija imazungulitsa pampu ya oyilo), zimitsani injini, kiyi akhale mthumba mwa amene walowa pansiyo osati mwa dalaivala.

Za kutsikako, poti oyilo sakuoneka kunja ndiye kuti akubwerera mkati momwemo. Malo ake ndi awiri, pa valavu yotsitsira ngati siikutseka bwino, mwina kalowa kachinyalala kapena waya wa liva watayirira sukuibweza mpaka kumapeto, kapena ma seal a pisitoni mkati mwa silinda atha oyilo akudumphira mbali inayo. Yambani ndi wayayo poti ndi zaulere kuona. Zikanakhala silinda zazitali zija zimaima kutsogolo kwa bodi nkumatuluka mmagawo, seal ikatha mumaonera oyilo akuyenderera kunja, koma zanu zapansizi zimabisa.

Relief musaikhudze. Kulira mukumvako ndi relief ikukuuzani kuti katundu wapyola.

Chitsulo_Joni

Madala anena zoona, ine ndingowonjezera masamu pang'ono poti kuno ku Joni ndimagwira ntchito yokonza ma silinda omwewa ndipo relief ukaisuntha opanda geji yoyezera pulesha ntchito yakuthera pompo.

Mphamvu ya silinda ndi pulesha kuchulukitsa ndi kukula kwa nkhope ya pisitoni. Titenge silinda ya 10 cm mkati, nkhope yake ndi pafupifupi 78 cm², pa pulesha ya 200 bar imakankha matani 16. Makanika wanu akamanga relief nkufika 250 bar yafika matani 20. Matani 4 owonjezerawo sapita ku mchenga kokha, akudutsa mmapini, mmahinji a kumbuyo, mu chasisi, mmapaipi akale aja, ndipo iye akumanga ndi sipanala mongomvera mmanja sakudziwa ngati waima pa 220 kapena 300. Ngati mukukayikira kuti pampu yafooka, ikani geji muwerenge nkufananiza ndi zomwe analemba opanga. Geji ndi yotchipa kuposa pampu.

Koma ine ndikukayikira lodi bwana. Mchenga wouma kiyubiki mita imodzi umalemera pafupifupi matani 1.6, wonyowa umafika 1.9 mpaka 2. Tipa zambiri za matani 4 kumudziko anthu anawonjezera matabwa kapena mashiti mmbali kuti kasitomala aone kuti yadzadza, nde ikalowa makiyubiki 4 a mchenga wongovuula mumtsinje mwasenza pafupifupi matani 8 pa galimoto ya 4. Nchifukwa chake vutoli layamba ndi mvula. Yanu munawonjezera mmbali kapena ayi?

Kuno lamulo lomwe timayendera pa ma silinda onyamula pamanja aja a 700 bar ndi lakuti usapyole 80 pa 100 iliyonse, kaya pa kulemera kaya pa kutalika kwa katulukidwe ka rod. Ya matani 10 uinyamulitse 8 basi. Pa jeke ya botolo chimodzimodzi, ukaipopa mpaka kumapeto nkumasulanso sikuluu yake yonse imakhala yosavuta kupendama, bola kuika thabwa lolimba pansi kuti ikwere. Iime chilili pakati penipeni pa katundu, ikakankha chammbali rod imakanda mkati ma seal nkutha. Ndipo jeke ntchito yake ndi kukweza basi, mukakweza ikani ma stand kapena matabwa olimba osanja mopingasa, njerwa ndi mabuloko a simenti ayi, zimaphwanyika osachenjeza.

Dalaivala wa Howo

Kkkk koma inu mukuopseza munthu. Ife chipika timaikapo daily pothira girisi ndipo tilipobe. Chitsulo chochirikizira ndani ali nacho pa siteji? Bola chipika chikhale chachikulu basi, mukachiika kumbuyo kufupi ndi hinji bodi singatsike olo pang'ono. Zinazi ndi za ku Joni komwe kuli ma safety officer, kuno munthu ukufuna ugwire ntchito lero udye lero.

Chomwe ndingagwirizane nanu ndi relief, imeneyo asamange, komanso potsitsa mchenga wonyowa aonetsetse kuti matayala akumbuyo ali levulo. Mchenga wonyowa umakakamira kutsogolo kwa bodi, nde bodi ili mmwamba kulemera konse kuli kumwambako, tayala limodzi likangotitimira mmatope galimoto imagona chammbali ukuona. Ndipo osayenda bodi ili mmwamba kuti ugwedeze mchenga utsike, mmakomboni muno mawaya a ESCOM ali mmunsi.

Madala a Garaja

A Howo, za matope ndi mawaya mwalasa. Koma pomwe mukuika chipikapo ndi pamene pali poipa kuposa ponse. Kufupi ndi hinji bodi imapana ndi mphamvu yochuluka kuposa kulemera kwake, chifukwa bodi yonse yasanduka mgwala wautali ndipo chipika chili kufupi ndi pokhotera. Chikapanda kusweka chimathawa, poti bodi ndi chasisi sizikumana mwathyathyathya zimapanga ngati mphanda, pamwamba pake pali girisi ndi matope, nde chipika chozungulira cha bulugamu chimafwamphuka ngati sopo wonyowa mmanja. Masiku onse mwaikapo chija sichinayesedwe, silinda yanu ndi imene inkagwira bodi, chipika chinangokhalapo. Ya mnzathuyi silinda yake siikugwira.

Mtengo sindikuukana konse. Matabwa olimba ochekedwa makona anayi, ogonekedwa mopingasa pa chasisi mbali zonse ziwiri nkumangidwa kuti asasunthe, amathandiza ngati chachiwiri pambali pa chitsulo. Koma ntchito ngati yochotsa silinda yonse ndiye bodi imangidwenso ndi tcheni buloko kumwamba kapena ichotsedwe kumene, chifukwa pamenepo mukumenya mapini ndi hamala chilichonse chikugwedezeka.

Za kudya lero ndamva, koma chitsulo chimenecho owotcherera amapanga mmawa umodzi.

Mayi a Thoko

Pepani ndilowerere ngakhale za magalimoto sindidziwa, ine ndi namwino. Ndaona mwanena kuti makanika akufuna akaone mapaipi, chonde muuzeni asafufuze podontha ndi dzanja pulesha ilipo. Paipi ikaboola kabowo kakang'ono oyilo amatuluka ngati kansingano kosaoneka bwino ndipo amalowa pakhungu, pulesha ya 7 bar yokha imatha kuboola khungu, nanga 200 mukunenayo. Gulovu satchinga. Agwiritse ntchito chidutswa cha katoni, achiyendetse mmbali mwa paipi dzanja lili kutali, pomwe panyowe ndi pomwepo.

Choipa chake bala lake limaoneka lachibwana, kadontho ngati walasidwa ndi minga, poyamba mwina osapweteka kwenikweni, munthu amangopukuta nkupitiriza ntchito. Koma oyilo uja walowa mkati ndipo amayenda motsata misempha mpaka mchikhatho, pakapita maola chala chimatupa nkuyamba kufa. Mankhwala ake ndi opaleshoni yotsegula nkutsuka, ndipo ikachedwa anthu amadulidwa chala kapena dzanja. Zikachitika musafinye, musamange ndi lamba, musadikire kuti tione mawa. Thamangani kuchipatala chachikulu komwe kuli madokotala a opaleshoni, kwa inu a ku Lilongwe ndi ku Kamuzu Central, ndipo mukafika nenani momveka kuti ndi oyilo wa haidiroliki walowa ndi pulesha, nthawi yake inali yakuti, ngati nkotheka tengani chigubu cha oyiloyo. Mukangoti ndadzibaya ku garaja, wokulandirani aona kabala kakang'ono nkukupatsani panado. Wovulalayo asadyenso kanthu panjira poti mwina alowa ku fiyeta.

Wamchenga_25

Zikomo nonse, mayi a Thoko zimenezo ndiye sindinkazidziwa ndamuwerengera makanika wangoti kakasi. A Chitsulo mwandigwira kkk, mmbali munawonjezeredwa mashiti, ndinaigula ili choncho ndipo makasitomala anazolowera muyezo umenewo, ukabwera ndi wochepa amati wabera. Ndiona mmene ndingapangire nthawi ya mvula ino, mwina kukweza mtengo wa tiripi nkumanyamula wochepa.

Madala, waya wa liva tauona tili panja bodi ili pansi, ndi wotayirira ndithu ndipo liva siibwerera yokha mpaka uikankhe. Chitsulo ndakamba ndi owotcherera apanga mawa. Funso lina, oyilo mu thanki akuoneka woyererako ngati tiyi wamkaka, makanika akuti tingothiramo wina pamwamba, ati olo wa injini wakale amagwira. Zoona?

Madala a Garaja

Woyererayo ndi madzi alowamo, mwina pa chivindikiro cha thanki kapena pa breather (popumira thankiyo) ndi mvulayi. Kuthira wina pamwamba sikuchotsa madziwo, ndipo madzi amachititsa dzimbiri mkati mwa valavu, mwina nchifukwa china siikutseka bwino. Khuthulani yense bodi ili pansi, tsukani thanki ndi sefa yake, muthire oyilo wa haidiroliki weniweni, kuno kotentha ambiri timathira wa nambala 46 kapena 68 koma onani kaye ngati pa thanki kapena mu buku analemba nambala yake. Wa injini wakale ali ndi mwaye ndi tizitsulo, adya pampu. Brake fluid ndiye musayerekeze olo mu jeke, amatupitsa ma seal.

Levulo muziyeza bodi ili pansi, mukadzadza ili mmwamba potsika oyilo asefukira. Mukatha kwezani ndi kutsitsa bodi yopanda kanthu kangapo kuti mpweya utuluke, ikamadumphadumpha pokwera ndiye kuti ulimobe. Kenako muyese chonchi, kwezani theka, zimitsani injini, aliyense aime patali, muyeze ndi tepi kuchokera pansi kufika pa kona yakutsogolo ya bodi mutaima pambali, dikirani mphindi 10 muyezenso. Ngati waya mwakonza oyilo mwasintha koma ikutsikabe, ndiye silinda ituluke ikaikidwe ma seal, ndipo poitulutsa muonenso rod ngati ili ndi mikwingwirima kapena dzimbiri chifukwa seal yatsopano pa rod yokandika sichedwa kutha.

Chitsulo_Joni

Mukamagula seal kit tengani yakaleyo mukayerekeze pa shopu, kapena jambulani ka puleti kali pa silinda muponye pano ndikuuzeni saizi. Ndipo mufunseni makanikayo ngati sanaigwireko kale relief ija musanabwere pano, ngati loko nati yake ikuoneka kuti yamasulidwapo ndiye geji ikufunika ndithu muibwezere pa nambala yake musananyamule lodi ina.