Funso: makandulo akupindika, akuda khoma, komanso ana amatsala nawo okha

Nabanda wa ku Mabvuku:
Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru abale. Ndimachita lendi chipinda chimodzi ndi ana awiri, wamkuluyo ali Grade 7 nde mayeso a ZIMSEC ayandikira akufunika kuwerenga madzulo, koma magetsi kuno ku Harare mukudziwa kale, amapita m'mamawa kubwera anthu titagona. Sola sindinaikwanitse panopa, tikudalira makandulo basi. Ndikagula paketi ku takishopu ndimaika pa windo koma posakhalitsa ndimapeza onse apindika ngati nthochi, ukayatsa phula limangoyenderera mbali imodzi kandulo yatha. Komanso utsi wake wakuda, khoma layamba kuda ndipo a landilodi ayamba kale kuyankhulayankhula. Koma chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni nchoti masiku ena ndimafika mochedwa kuchokera mtauni, makombi (maminibasi) kuvuta, nde mwanayu ndi amene amayatsa ali ndi mng'ono wake wa zaka 3, m'chipindamo muli katani yogawa pogona, neti, matilesi ndi silinda ya gasi. Anzanga mumatani inu? Ndinamvanso zoti ukaika makandulo mu firiji amakhalitsa, nzoona?

Ankolo Phiri, Dzivarasekwa:
Mwanawanga vuto loyambalo ndi windoyo. Phula silifuna dzuwa, ndiye kutentha kwa September ndi October kuno ku Harare, pansi pa denga la malata kapena asibesitosi, limafewa lisanayatsidwe nkomwe. Akulungeni mu nyuzipepala muwagoneke, osawaimika, muike mu chitini chotseka pansi pa bedi kapena pakona pozizira kutali ndi sitovu. Chitinicho musachinyoze, makoswe amadya makandulo.

Achimwene a ku Highfield:
Firiji yake yoyaka ndi magetsi atiwo asisi kkkkk. Zisiyeni izo, kandulo ikazizira kwambiri imachita ming'alu nkumathyoka, phindu lake palibe.

Amake Chisomo, Epworth:
Asisi ine ndikuuzeni zimene timachita kwathu, ndinaziona kwa anzathu amene anakhalako ku South Africa m'nyumba za malata zija zimapsa pafupipafupi. Pezani botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu, la mayonezi lija kapena la khofi, mulitsuke liume bwinobwino muchotse pepala lakunja. Thiranimo mchenga wouma osafika theka, kenako dulani kandulo pakati muzike chidutswa chimodzi mu mchengamo chiime njii. Chofunika kwambiri nchoti moto ukhale m'kati, usatulukire pamwamba pa kamwa la botolo, nchifukwa chake timadula. Ubwino wake botolo limalemera silimagwa wamba, mphepo siikupiza lawi ndipo likagwa mchenga uja umakwirira moto. Zodontheza phula pa sosala nkumata kandulo zija nzoona tonse tinakula nazo koma sosala ikatentha phula limasungunuka kandulo nkugwa yokha, ndiye ena amamata pa tebulo lenileni lathabwa kapena pa chivundikiro cha pulasitiki, ayi ndithu.

Bambo a Tadala, Glen View:
Ine ndine kalipentala, ife a ku Glen View moto timaudziwa, msika wathu wa mipando wa Area 8 wapsa kangapo anthu nkutsala manja ali m'khosi. Za utsi wakudazo, yang'anani chingwe cha kandulo. Chikatalika lawi limakula nkumavinavina, phula silipsa lonse nde ndi mwaye mukuuona pakhomawo, ndipo kandulo imathanso msanga. Musanayatse chidulenini ndi sizasi chitsale pafupifupi theka la sentimita, kamutu kakuda kaja kachotseni. Musaike pomwe pakudutsa mphepo, pakati pa chitseko ndi windo, chifukwa ndi zomwe zimapangitsa kuti idyeke mbali imodzi. Italikirane ndi khoma, katani, neti ndi mabuku masentimita 30 kapena kuposa, rula ya mwana wanu wa sukuluyo ndi muyezo wake, ndipo pamwamba pake pasakhale shelefu kapena zovala zopachika chifukwa kutentha kumakwera m'mwamba. Koma ine chandiopsa ndi silindayo amayi. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, akamatuluka amakhala pansi, ndiye kandulo yoika pansi pafupi ndi silinda ndi ngozi yeniyeni. Mukatha kuphika tsekani pa silinda penipeni, ndipo mukamva fungo la gasi musayatse machesi kuti muone pomwe akutulukira, tsegulani chitseko ndi windo mutuluke. Poyesa paipi gwiritsani thovu la sopo, pakabooka pamachita timabaluni.

Nasibeko, Kuwadzana:
Pepani ndiyankhula mosanyengerera, ine ndimagwira ntchito ku chipatala ndipo ana opsa ndimawaona. Zonse anenazi nzabwino koma mwana wa Grade 7 kumusiyira moto ndi kamwana ka zaka 3 ayi amayi, botolo kaya mchenga. Mwana wowerenga amasinza, wamng'onoyo amakoka chilichonse, neti ndi matilesi a siponji zikagwira moto sizidikira munthu. Kandulo iziyaka inu mukakhalapo, ndipo womaliza kugona azizimitsa aonetsetse kuti kachingwe kasiya kufuka.

Nabanda wa ku Mabvuku:
Ndamva asisi, simunalakwe, koma nde nditani poti ntchito sindingasiye, mwanayo akhale mumdima mpaka ndifike?

Nasibeko, Kuwadzana:
Ayi, mugulireni ka tochi kotchaja kapena babu lija lokhala ndi batire m'kati, zadzaza mtauni ndi ku Mbare. Mumalisiya pa soketi usiku magetsi akabwera, madzulo mwana akuwerengera. Mukawerengetsa ndalama imene mukutaya pa makandulo mwezi ndi mwezi muona kuti sizikusiyana kwambiri. Machesi muziyenda nawo kapena muzisiya kwa a neba, makandulo akhale a masiku amene batire yatha inu mulipo. Ndipo poti tili pagulu ndinenenso ichi, mwana akapsa muthireni madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano, mazira kapena mafuta ophikira, matuza osaboola, kenako thamangani naye ku kiliniki.

Achimwene a ku Highfield:
Nzoona zimenezo, ndipo tisadzinamize kuti mdimawu utha mawa. Magetsi athu ambiri amachokera ku damu la Kariba ndi ku Hwange, mvula ikavuta madzi ku Kariba amatsika, tinaziona kumapeto kwa 2022 ndi chilala cha 2024 chija. Bola kukonzekeratu.

Agogo a ku Tafara:
Ana inu mwaiwala chimodzi. Musakhomere ana m'nyumba ndi loko wakunja pamene m'katimo muli moto, mawindo athuwa ali ndi mabagilabazi, atulukira pati? Kiyi azikhala pomwe mwana wamkulu akumudziwa. Ndipo kandulo ikatsala kachidutswa muizimitse, musamati ithe yokha.

Ankolo Phiri, Dzivarasekwa:
Agogo anena zoona. Tizidutswato musataye, ena amatisungunula nkupanga kandulo ina, koma osaika phula pamoto mwachindunji, chitini chake chikhale m'poto wa madzi otentha, ndipo phula likagwira moto osathira madzi limathovoka, vundikirani basi.

Nabanda wa ku Mabvuku:
Zikomo kwambiri nonse, babulo ndifufuza mwezi ukatha, panopa ndayankhula ndi amayi a chipinda chapafupi kuti ana azikhala kwawo mpaka ndifike. Amake Chisomo, lagalasi ndilibe koma ndili ndi la chiponde lapulasitiki lalikulu ndithu, silingachite?

Amake Chisomo, Epworth:
Lapulasitiki ayi asisi chonde, limasungunuka nkuyaka nalo limodzi. Funsani kwa a neba kapena amayi ogulitsa mabotolo akale pa msika, ndipo muone kuti lilibe mng'alu chifukwa likatentha limasweka. Mchenga ukakhala wonyowa uyanikeni kaye padzuwa.