Ndigulitse mathole panopa kapena ndidikire akule? Thandizeni maganizo

Adimini ndibiseni dzina chonde, abale anga ali pagulu pomwe pano.

Bambo anatisiya chaka chatha ndipo khola lawo la ng'ombe kumudzi, kufupi ndi Ngabu, linagwera ine. Ng'ombe 5 zinapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Pano zilipo 9: zazikazi 5, nkhunzi 1 ndi mathole 3 a miyezi 7 kapena 8, awiri amphongo, mmodzi wamkazi. Zonse ndi zamakolo, za linunda zija.

Ine ndimakhala ku Ndirande. Mwezi uliwonse ndimatumiza ya mnyamata wobusa, ya mankhwala a nkhupakupa ndi ya mchere. Chilowereni ndikungotulutsa, sindinalandireko ngakhale 1 tambala.

Loweruka ndinapita kumudzi, ndiye kunabwera munthu wogula. Anazungulira khola kawiri, n'kugwira thole limodzi pamsana, n'kulitsina m'nthiti, basi watchula mtengo. Sikelo ayi. Atatu onse pamodzi ndalama yake siyikufika pa mtengo wa mfule imodzi yaikulu. Akuti Januwale uno aliyense akugulitsa, ndikakana apita khola lina. Mlongo wanga akufunika fizi, amayinso chimanga chawathera. Amalume akuti bambo ako sanagulitsepo thole, usatichititse manyazi. Koma a fizi safunsa za manyazi.

Inu amene mumaweta, phindu lili pogulitsa zikangoleka kuyamwa kapena pozisunga? Ndikasunga, ndidikire mpaka liti?

Mlimi wa ku Bangula: Achimwene, musawerengere thole, werengerani make. Ng'ombe imatenga bere miyezi 9. Zathu zamakolozi zikabereka sizitenga msanga bere lina, makamaka zikaonda mu Okutobala ndi Novembala, moti zambiri zimabereka kamodzi pa chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Ndiye thole limodzi lanyamula ndalama zonse zomwe mwawononga pa make nthawi yonseyo: wobusa, dibi, mankhwala a njoka za m'mimba. Onaninso kuti zazikazi muli nazo 5 koma ana 3. Ziwiri zija zadya chaka chonse osabweza kanthu, ndipo ngongole yawo ili pamsana pa mathole omwewo. Gawo lodula mwalipira kale inu. Latsala ndi lotchipa, kudya msipu n'kumakula, ndipo ndi limenelo akufuna kukudyerani bwana wa Loweruka uja.

Mayi wa ku Mchinji: Kuno kwathu timanenepetsera m'khola. Tikakolola timatutira mapesi ndi masangwe a mtedza pakhomo, madeya timagula pachigayo akadali otchipa. Mfule imatsekeredwa miyezi 4 kapena 5, madzi ndi mchere osasowa, kenako abutchala amadzalimbirana okha. Manyowa ake amapita kudimba. Koma m'khola timalowetsa ya zaka ziwiri kupita m'tsogolo, yomwe mafupa anakula kale. Kathole mukakatsekera kangokudyerani madeya, kakukula msinkhu osati mnofu.

Mlimi wa ku Bangula: Amayi, za masangwezo n'za kwanu kumtunda. Kuchigwa kuno mtedza autenga kuti? Ife ndi mapesi a mapira ndi mchewere, mwina nthanga za thonje kwa amene wazipeza. Ndipo chaka cha njala madeya anthu amaphika nsima, mtengo wake sugwirika.

Mayi wa ku Mchinji: Ndamva bambo, koma mfundo ya msinkhu ija siyisintha kaya kumtunda kaya kuchigwa.

Wina: Kkkk ng'ombe za pa foni. Mumve tsiku lina wobusa akuti "bwana, ija yamawanga yalumidwa ndi njoka", pomwe kanyenya wafuka pa Nchalo.

Mwini funso: Musandiwopseze akulu, mnyamatayo ndi mwana wa azakhali.

Wina: Ndiye mwandimva bwino.

Wogula ng'ombe, Lunzu: Ndiyankhuleko ine amene mukutinenafe. Inde timagula ndi maso, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yathu chifukwa mlimi amabwera yekha, fizi ili kumbuyo, feteleza ali kumbuyo. Koma nafenso tili ndi zathu. Ng'ombe siyichoka pamudzi popanda chikalata cha alangizi a ziweto ndi umboni woti siyakuba. Galimoto yokwera Thabwa mpaka Blantyre ndi ndalama. Ikaphedwa, nyama yopachika imakhala pafupifupi theka la kulemera kwa ng'ombe yamoyo, zina zonse ndi chikopa, mutu, ziboda ndi zam'kati. Mukatsegula n'kupeza chiwindi chadyedwa ndi nyongolotsi, woyeza nyama amachitaya, woluza ndine. Thole ine sindingaphe, mulibemo nyama. Amene akulifunayo akufuna akaliwete yekha adzagulitse kawiri. Langizo langa laulere: pemphani alangizi ayeze ndi tepi yozunguliza pachifuwa, imapereka makilo oyerekeza. Mukamakambirana mtengo muli ndi nambala m'mutu, wogula amasintha mayankhulidwe.

Mlangizi wopuma ntchito: Onse akuti sungani, nane ndikuvomereza, koma kudikira kuli ndi minga yake ndipo kuchigwako yaikulu ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Njati za ku Lengwe zimasunga kachilombo kake. Akabuka, boma limatseka misika ya ziweto ndi kuletsa kutulutsa ng'ombe m'dera, nthawi zina miyezi ingapo. Ndinaonapo anthu atanenepetsa mfule bwinobwino n'kukhala nazo m'khola osagulitsa, madeya akutha, ng'ombe zikubwerera m'mbuyo. Onjezani akuba ndi madzi osefukira, omwe mwawalawa kale. Choncho musaike fizi ya mwana pa tsiku limodzi la msika.

Amphongo awiriwo afuleni msanga, alangizi ali ndi chipangizo chofulira chosacheka. Akafulidwa amafatsa ndipo sathamangitsa zazikazi. Nkhunzi yanu ija yakhala zaka zingati m'kholamo? Ngati ikukwera ana ake omwe, mathole azibadwa onyentchera. Sinthanani ndi khola lina. Ena akuchigwa amakweretsa nkhunzi za mtundu wa Brahman, ana ake amakula msanga ndipo amapirira kutentha, koma amafunanso chakudya chambiri kuposa amakolowa.

Mlongo wa ku Mangochi: Kumbukiraninso Eid ya nsembe. Ng'ombe zimafunidwa kwambiri nthawi imeneyo, koma lamulo lake iyenera kukhala itakwanitsa zaka ziwiri ndipo yopanda chilema. Ogula amayang'ana mano, ngati awiri akutsogolo aja asintha. Mathole anuwo chaka chino sangalowe. Tsiku lake limasendera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, muziwerengeratu.

Mlimi wa ku Bangula: Ndabwereranso. Mwa ziwiri zosaberekazo, kodi palibe nkhalamba? Ngati ilipo yomwe yadumpha zaka ziwiri, mano atha, gulitsani imeneyo. Msipu wamera, pofika kumapeto kwa Febuluwale ikhala itadzaza thupi. Iyo yokha ikupatsani kuposa mathole awiri, ndipo mwachotsa pakamwa pongodya. Thole lalikazilo musalikhudze n'komwe, ndilo lidzalowe m'malo mwake. Ndalama ya kwacha munaiona mmene inagwera mu Novembala 2023, pomwe ng'ombe m'khola mtengo wake unangokwera nawo.

Mwini funso: Zikomo nonse. Ndaimbira amayi. Akuti ilipo ina dzina lake bambo ankaitchula okha, yakuda, sinabereke chichokereni madzi aja. Atangomva zoigulitsa akhala chete kanthawi, kenako akuti "imeneyo bambo ako anaigula ndi thonje". Sanakane koma sanavomerenso. Wogula uja waimba kawiri lero, wawonjezako pang'ono, ndamuuza kuti mathole sakugulitsidwa. Kusukulu ndapempha andidikire mpaka mwezi ukatha. Lachisanu ndikwera basi ndikakhale nawo pansi amayi ndi amalume. Alipo akudziwa ngati msika wa ng'ombe pa Ngabu ukuyenda sabata ino?