Mayi wa ku Finland wofufuza za sola yakuda uja, anayenda njira yotani?

NaPhiri_Area25:
Abale odziwa za magetsi ndithandizeni. Mwana wanga wamkazi ali folomu 4 ndipo wakakamira zoti adzakhale wofufuza za sola, akuti kusukulu anawauza za mayi wina wa ku Finland dzina lake Hele Savin amene anapanga sola yakuda bii yokoka dzuwa lambiri. Ine sola yomwe ndimaidziwa ndi kapanelo kathu kapadenga kotchajira foni basi, nde ndikufuna ndimve, mayiyu anapanga chani kwenikweni, ndipo mwana wa kuno ku Lilongwe angayambire pati? Komanso dziko lozizira chonchija sola amaifuniranji?

Mphunzitsi_wa_Fizikisi:
Mayi, mwanayo musamugwetse ulesi. Hele Savin ndi pulofesa pa Aalto University mu mzinda wa Espoo ku Finland, anaphunzira pa Helsinki University of Technology yomwe mu 2010 inaphatikizana ndi sukulu zina ziwiri nkukhala Aalto. Nkhani yake ili chonchi, silikoni yemwe amapangira mapanelo amanyezimira, nde kuwala kwambiri kumangogunda nkubwerera osagwira ntchito. Akatswiri anapeza kuti ukakumba pamwamba pa silikoniyo nkupangapo timisomali ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, kuwala kukalowa pakati pake kumasochera momwemo osatulukanso, nchifukwa chake amaoneka wakuda, amamutcha black silicon. Koma vuto linali loti timisomali tomweto tinkadyanso magetsiwo asanafike pa waya, phindu nkukhala lochepa. Apa mpomwe gulu la mayiyu linagwirapo ntchito, linakuta timisomalito ndi kachikopa kopyapyala kwambiri ka aluminium oxide pogwiritsa njira ya ALD (atomic layer deposition, yoyala maatomu gawo limodzi pamwamba pa linzake), yomwenso anaitulukira ndi munthu wa ku Finland konko, Tuomo Suntola, m'zaka za m'ma 1970. Mu 2015, mothandizana ndi anzawo a ku Barcelona, anafika pa 22.1%, kutanthauza kuti pa mphamvu 100 ya dzuwa, 22 imasanduka magetsi, ndipo panthawiyo palibe sola yakuda inali itafikapo pamenepo. Za kuzizira zija, kwawoko dzuwa limayenda cham'munsi, silifika pamutu ngati kuno, nde sola yotha kugwira kuwala kobwera cham'mbali imawathandiza kwambiri.

Amisiri_Kawale:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino koma ine ndimakwera madenga tsiku ndi tsiku ndinene zanga. Kuno dzuwa silivuta ayi, chimatipha ndi fumbi ndi kutentha. Mwezi wa Okutobala ukakwera padenga pa malata panelo imakhala yotentha yoti sungaigwire nthawi yaitali, ndipo anthu amaganiza kuti pamenepo mpomwe ikukoka kwambiri pomwe ikatentha kupyola madigiri 25 mphamvu imayamba kutsika, kuonjezera apo fumbi lofiira lija lakutira galasi lonse loti ukadutsapo chala pamatsala mzere, wina wangoigoneka pamalata osasiya mpata woti mphepo idutse pansi, batire ndi lagalimoto, waya ndi woonda, kenako akuti sola ndi yabodza. Palinso mapanelo ena pamsika olembedwa mawatsi ambiri koma ukayeza ndi mita sakwana. Nde mwana wanu mayi akaphunzira asathamangire za azunguzo zokha, kuno kulinso zofunika kufufuza, ndani akuyeza kuti fumbi la ku Lilongwe limadya magetsi ochuluka bwanji?

Chiku_wa_Mzuni:
Amama, muuzeni mng'ono wangayo alimbikire masamu, fizikisi ndi kemisitiri, popanda zitatuzi khomo silitseguka. Ku Mzuzu University kuli maphunziro a renewable energy, ku MUBAS kuli electrical engineering, angayambire kumeneko. Kungoti ntchito ngati ya Savin imachitikira mu labu yoyeretsedwa kwambiri yomwe umalowamo utavala chovala chophimba thupi lonse poti kafumbi kamodzi kaononga zonse, nde masters ndi PhD mwina adzafunika kukachitira kunja, ayambiretu kuzolowera kusaka ma scholarship. Chomwe chimandisangalatsa ine pa mayiyu nchoti sanadumphedumphe, wakhala pa silikoni yemweyo zaka ndi zaka mpaka luso lija linatulukamo kampani ya ElFys yopanga tizipangizo tomva kuwala. Amisiri akunena zoona koma sindikuona kuti ziwirizi zikutsutsana, pano tili ndi sola ya 60MW ku Salima yomwe inatsegulidwa mu 2021, ina ya 20MW ku Golomoti ili ndi mabatire, ndipo zonsezi zikufuna anthu omvetsa zomwe zimachitika mkati mwa paneloyo.

NaPhiri_Area25:
Zikomo nonse, ndamuwerengera mwana wasangalala kwambiri makamaka za Mzuni. Amisiri, galasilo tizitsuka ndi chani, sopo waufa angathe?

Amisiri_Kawale:
Ayi mayi, madzi oyera ndi kansalu kofewa basi, ndipo muzitsuka m'mawa panelo isanatenthe, mukathira madzi ozizira masana galasi likhoza kuchita ming'alu.