Za Loweruka lija: holo kapena mlatho?

Esnart (mlembi): Moni nonse. Monga tinagwirizana Loweruka kusukulu kuja, ndalama za m'thumba lathu zipita ku holo, pafupi ndi bwalo la amfumu. Manja onse anakwezedwa, wotsutsa panalibe. Amene simunasonkhe za mwezi uno, nambala ya Mpamba ndi yomwe ija.

Amake Tadala (kumudzi): Zikomo alembi. Manja tinakwezadi, koma amayi amene tinatsikira limodzi kumtsinje njira yonse nkhani inali ya mlatho. Chiukokolere Freddy mu 2023, ana a tsidya lija akuwolokera pa mitengo iwiri ya bulugama, ndipo umodzi wayamba kufumbwa. Mvula ikagwa kuphiri madzi amafika kuno dzuwa likuswa mtengo. Ana a sitandade 1 amangobwerera kunyumba. Opita kukathyola tiyi m'bandakucha amawoloka chokwawa, tochi ya foni ali nayo kukamwa.

Bambo Makwinja (wapampando): Mayi, nanga bwanji simunanene pomwepo? Ndinafunsa momveka kuti alipo wa maganizo ena. Bwalo lonse linali zii. Tsopano mukufuna ndioneke ngati ndinakakamiza anthu?

Amake Tadala: Ayi bambo, simunakakamize munthu. Koma inu munayamba kuyankhula, amfumu nkugwedeza mutu, abusa nkuyamikira. Ine pamphasa kumbuyo kuja ndikanayambira pati?

Chifundo (Zomba): Amalume, ndiloleni ndiikepo mawu, chifukwa zimenezi ndi zomwe timaphunzira kuno. Mu 1951 Solomon Asch, katswiri wa za maganizo a anthu ku America, ankaika ophunzira m'chipinda nkuwaonetsa mzere umodzi papepala, kenako mizere itatu, kuti anene wofanana kutalika ndi woyambawo. Funso losavuta, moti munthu akamayankha payekha zolakwa sizinkafika ndi 1 pa 100 pomwe. Koma onse m'chipindamo, kupatula mmodzi, anali atapanganiratu ndi Asch kuti azinena yankho labodza mokweza, wina pambuyo pa mnzake. Wosadziwayo ankayankha chakumapeto. Anthu pafupifupi 75 pa 100 alionse anatsatira bodza la gulu kamodzi kapena kuposa, maso awo akuona bwinobwino. Atafunsidwa, ena anati ankadziwa kuti anzawo alakwa koma sanafune kuoneka osiyana. M'chipindamo munalibe mfumu, munalibe wowopseza. Nanga kuli bwanji ife, pamene woyamba kuyankhula ndi amene anasonkha zambiri, komanso ndi amene anagula bokosi pa maliro a agogo athu?

Aphunzitsi a Namaona (opuma): Mwanawe, wafotokoza bwino, koma usatenge ulemu wathu nkuutcha matenda. Anyamata a Asch ankakangana za mizere, madzulo aliyense kwawo. Ife tidzaikana m'manda. Munthu akakhala chete pamaso pa amfumu nthawi zina watero posunga ubale, ndipo ubalewo ndi umene umaumba njerwa popanda malipiro. Komanso ine dzanja langa ndinakweza ndi mtima wonse. Sikelo ya ana ikuchitikira pansi pa mtengo wa mango, mvula ikabwera makadi amanyowa. Holo tingamabwereketse pa maukwati ndi zinkhoswe, thumba nkumakula. Musatiwerenge tonse ngati ongotsatira.

Chifundo: Zoona aphunzitsi, ndipo Asch yemweyo anapeza kuti munthu mmodzi mwa anayi sanagonjeko ngakhale kamodzi. Sindikunena kuti holo ndi yolakwika. Ndikunena kuti Loweruka sitinadziwe kuti ofuna holo ndi angati, ofuna mlatho ndi angati. Tinangowerenga manja. Chimene chimandikhudza pa kafukufuku uja ndi ichi: Asch ataika m'chipindamo munthu mmodzi yekha wonena zoona, kutsatira gulu kunatsika kwambiri. Atalola anthu kulemba yankho m'malo monena mokweza, kunatsikanso. Akanapezeka mmodzi Loweruka wotchula mlatho, amake Tadala akanaimirira.

Achimwene Gift (Johannesburg): Chifundo wanena zomwe zimandisowetsa tulo. Ife a kuno timangolandira uthenga woti "tonse tagwirizana". Ukafunsa kumbali, aliyense akuti "ine ndimafuna mlatho koma ndinaona ngati ndili ndekha". Anthu asanu andiuza mawu omwewa, aliyense akudziyesa ali yekha. Ndiye musadabwe kuti zosonkha zikuchedwa. Ndalama ya kuno timaipeza movutikira, munthu satumiza msanga pa chinthu chimene mtima wake sulipo.

Bambo Makwinja: Ndiye wapampando azikhala duu ngati mlendo? Munandisankha kuti nditsogolere. Mtsogoleri wopanda maganizo ndi wa ntchito yanji?

Chifundo: Maganizo anu tikuwafuna amalume, koma abwere kumapeto. Irving Janis wa ku yunivesite ya Yale ku America analemba mu 1972 za magulu ogwirizana kwambiri amene amalakwitsa chifukwa aliyense akuteteza mgwirizanowo. Chitsanzo chake chinali alangizi a pulezidenti wa America John F. Kennedy, amene mu 1961 anavomereza zokaukira Cuba ku Bay of Pigs, ena akukayika mumtima koma osanena, ndipo zinalephereka kotheratu. Chaka chotsatira, pa mkangano wa mizinga ya Soviet Union ku Cuba komweko, Kennedy ankatuluka dala m'misonkhano ina kuti anthu ake atsutsane momasuka. Janis analangiza kuti mtsogoleri asayambe ndiye kunena mbali yake, ndipo pakhale munthu wopatsidwa ntchito yofunsa mafunso ovuta.

Mai Chikopa (msungichuma): Ine ndiye ndifunsa ovutawo. Mlatho si khola la mbuzi. Pakufunika injiniya wa kukhonsolo, simenti yambiri, zitsulo, ndipo nkhani iyenera kudutsa ku VDC ndi ku ADC, makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera. Zomwe zili m'thumba holo zingaifikitse pa lintala. Mlatho mwina zingathere pa zipilala zokha, madzi a Januwale nkudzazitenga. Tisachoke potsatira bambo Makwinja nkuyamba kutsatira Chifundo chifukwa watchula azungu. Ndaona kale ena amene dzulo ankayamikira holo akuika zala za chivomerezo pa mawu ake.

Chifundo: Mai Chikopa, pamenepo mwalasa. Pagulu panonso zomwezo zikuchitika, aliyense akuyang'ana kumene mphepo yalowera. Nchifukwa chake ndikupempha kuti tisavotere pa WhatsApp, poti pamaoneka dzina la aliyense ndi chimene wasankha.

Amake Tadala: Tipepala nato tivuta, amayi ena kuno salemba. Tichite chonchi: chitini chotseka chiikidwe m'kalasi, munthu azilowa yekha. Wofuna holo aponye njere ya chimanga, wofuna mlatho aponye nyemba. Ndipo msonkhano usakhale tsiku la msika wa ku Chitakale, a tsidya lija ambiri sanabwere chifukwa cha zimenezo.

Achimwene Gift: Ife akunja titumize zathu kwa aphunzitsi a Namaona paokha, iwo akaponye m'malo mwathu. Sanabise mbali yawo, koma tonse tikudziwa kuti sangasinthe njere ya munthu.

Aphunzitsi a Namaona: Ndavomera. Koma amfumu awuzidwe ndi pakamwa, mwaulemu, asamve ngati tafafaniza mawu awo pafoni.

Bambo Makwinja: Zandipweteka, sindibisa, chifukwa holoyo ndinaiganizira anthu omwewa. Kwa amfumu ndipita ndekha Lachitatu. Pamsonkhano ndiyankhula pomaliza. Koma chitini chisanaikidwe ndikufuna mitengo ya ntchito zonse ziwiri ilembedwe pabolodi, kuti woponya nyemba adziwe chimene akusenza. Mai Chikopa, pezani mmisiri akayeze kukula kwa mtsinje pamene pali mitengo paja, ayezenso pomwe madzi a Freddy analekezera.

Mai Chikopa: Ndimuimbira mawa. Amake Tadala, mudzamuperekeze ndinu, mukudziwa pomwe gombe limagumuka.