Pesto ya lemon balm ikuda ndi kuwawa isanafike patebulo

Wophika pa loji, Zomba:

Akuluakulu a kukhitchini, ndithandizeni nzeru. Pa menyu pali chambo chowotcha chopaka pesto (msuzi wokhuthala wa masamba ogaya pamodzi ndi mtedza, tchizi ndi mafuta) ya lemon balm, chitsamba chonunkhira ngati ndimu, poti chachuluka m'dimba. Muyeso wake ndi uwu: masamba magalamu 100, makademiya magalamu 50, tchizi ya Parmesan magalamu 50, timagawo titatu ta adyo, mafuta a olivi a extra virgin (osayengedwa) mamililita 150, madzi a ndimu imodzi ndi mchere. Zonse zimalowa mu blenda pamodzi kwa mphindi ziwiri. Potuluka imakhala yobiriwira bwino. Koma ikapangidwa m'mawa, pofika madzulo pamwamba pamakhala patada, m'kati mwasanduka khaki, ikuwawa kukhosi, ndiponso ikumveka kafungo ka sopo. Ndimu ikawonjezeredwa sipakusintha kanthu. Vuto lili pati?

Mkulu wa khitchini ya hotelo, Blantyre:

Achemwali, apa pali mavuto atatu osiyana, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake.

Tiyambe ndi kuda. Lemon balm, amene dzina lake la sayansi ndi Melissa officinalis, ndi wa banja limodzi ndi minti komanso basil. M'tsamba mwake muli enzyme (chinthu chofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'chomera) yotchedwa polyphenol oxidase, ndipo mulinso rosmarinic acid wambiri. Tsamba likakhala lamphumphu, ziwirizi sizikumana. Mpeni wa blenda ukaling'amba zimasakanikirana, mpweya n'kulowa, mtundu n'kuyamba kuda. N'chifukwa chake pamwamba, pomwe pamakhudzana ndi mpweya, ndi pamene pamayamba. Blenda ya mphindi ziwiri imachita zoipa ziwiri nthawi imodzi: imapopera mpweya m'kati, imatenthetsanso pesto, ndipo kutenthako kumafulumizitsa enzyme ija.

Khaki wa m'katiyo ndi ntchito ya ndimu yanuyo. N'zoona kuti asidi amachedwetsa enzyme, koma amachotsanso magnesium mu chlorophyll, chomwe chimabiriwitsa tsamba. Pakapita maola angapo, kubiriwira kumazilala. Ndiye mukamawonjezera ndimu mukungosinthanitsa kuda ndi khaki. Ichotseni yonse m'botolomo. Finyirani madontho ake pa mbale, chakudya chikutuluka.

Njira yothetsera kuda ndi kufutsa masamba, monga amachitira amayi pokonza mfutso, kungoti apa ndi kwa masekondi 10 okha. Madzi malita awiri pa masamba magalamu 100 aliwonse, mchere magalamu 20, ndipo awire kwambiri. Madzi akachepa, kuwira kumaima masamba akangolowa, enzyme siifa, mwangotaya nthawi. Vuulani ndi sefa, ponyani m'madzi a ayisi, akazizira finyani ndi nsalu yoyera mpaka asadonthe. Soda musathiremo ngakhale ena amatero. Amasunga mtundu, koma amaphwetetsa tsamba n'kuwonjezera kukoma kwa sopo kumene mukukudandaulako.

Kuwawa kukuchokera ku mafuta. Extra virgin ali ndi tinthu towawa totchedwa polyphenol, ndipo blenda ikawamenya mwamphamvu kuwawako kumamveka kwambiri pa lilime. Pogaya gwiritsani ntchito mafuta a mpendadzuwa ochepa, ongokwanira kuti mpeni uzizungulira. A olivi muwathire pomaliza, m'mbale, n'kutakasa ndi supuni.

Za sopozo tiwasiyire olima.

Mlimi wa zitsamba za kukhitchini, Dedza:

Zikomo bambo. Achemwali a ku Zomba, funso langa ndi lakuti: mbewuyo yachita maluwa? Ngati mukuona timaluwa toyera m'mphako za masamba, sopo akuchokera pamenepo. Lemon balm akakalamba masamba ake amalimba, ubweya umachuluka, ndipo fungo loyera la ndimu limatembenuka. Fungolo limachokera ku mafuta onunkhira a m'tsamba otchedwa citral ndi citronellal, ndipo citronellal ikamveka yokha imakumbutsa mankhwala othamangitsa udzudzu. Zimenezo blenda singakonze.

Dulani tchire lonselo, musiye masentimita 10 kuchokera pansi, muzithirira, lidzaphuka mphukira zanthete. Muzithyola nsonga zokha, masamba anayi kapena asanu ndi limodzi apamwamba, m'mawa mame atauma koma dzuwa lisanakwere. Mapesi onse atayidwe. Ndi olimba, ndipo amasiya ulusi m'kamwa. Masamba okhala ndi ufa woyera pamwamba kapena madontho akuda asalowe m'khitchini.

Akathyoledwa asapanikizidwe m'jumbo. Tsamba limeneli limada paliponse pamene lapindika, ndiye mukhoza kuyamba kugaya litayamba kale kuwonongeka. Ayalidwe m'thireyi, pamwamba nsalu yonyowa, ndipo agwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo. Malo ozizira ngati Zomba ndi kuno amamuyanja, makamaka pomwe pamagwa mthunzi masana. Pa dzuwa la mu Okutobala masamba amachepa n'kumauma m'mbali.

Wophika zakudya za ku Italy, Lilongwe:

Bambo a ku Blantyre, pa za ndimu ndi mafuta tili limodzi. Pa kufutsa pokha ndikutsutsani pang'ono. Citral amathawa ndi nthunzi. Masekondi 10 m'madzi owira amapulumutsa mtundu, koma gawo la fungo limatsala mumphika, chonsecho munthu wasankha lemon balm chifukwa cha fungolo. Tikapanda kusamala tipereka msuzi wobiriwira wokongola wosanunkhira kanthu.

Ku Genoa, m'chigawo cha Liguria komwe pesto inachokera, basil safutsa. Amasinja mu mtondo wa mwala wa marble ndi musi wamtengo, motsatana: adyo ndi mchere wa mibulu, mtedza wa paini, masamba pang'onopang'ono, tchizi ya Parmigiano Reggiano ndi Pecorino, mafuta pamapeto. Mtondo sutenthetsa, supopa mpweya, ndipo pesto imadyedwa nthawi yomweyo. Ngati mbale za chambo zimatuluka zosapitirira khumi usiku umodzi, sinjani yochepa ola limodzi alendo asanakhale pansi, masamba ali aawisi. Musi uzizungulira m'mbali mwa mtondo, osati kumenya pansi. Mtondo wamatabwa womwe munasinjidwapo tsabola kapena nsinjiro ayi, umagwira fungo.

Ngati ndi blenda basi, jagi ndi mpeni wake zikhale mufiriza mphindi 30, masamba akhale osanyowa ndi ozizira, ndipo muzidina n'kusiya, masekondi awiri kapena atatu ulendo uliwonse. Zonse pamodzi zisapitirire masekondi 30. Kachidutswa kamodzi ka ayisi m'jagimo kamathandiza. Pesto siifunika kusalala, timibulu tizimveka.

Chinanso, magalamu 100 a lemon balm yekha ndi ambiri, ngakhale atakhala anthete. Ikani 60, otsalawo 40 akhale parsley wa masamba osalala. Parsley sada msanga ndipo amagwira mtundu. Adyo kagawo kamodzi kakwana, mutachotsa kamphukira kobiriwira ka pakati. Adyo wosinja amanka nakula mphamvu akamakhalitsa, ndiye titatu tija pofika madzulo timakhala taphimba zonse, mwinanso tikuwonjezera kuwawako.

Mkulu wa khitchini ya hotelo, Blantyre:

Achimwene, fungo limachepadi, sindikana. Koma funso la achemwaliwa ndi la pesto yopangidwa m'mawa kuti idyedwe madzulo, mwinanso mawa lake. Pamenepo yaiwisi siingafike. Tigawe chonchi: yodya pompopompo, njira yanu, yosunga, kufutsa. Fungo lotayikalo limabwezedwa ndi khungu la ndimu, theka la supuni yaing'ono pa muyeso umenewu, kupala chapamwamba pokha chifukwa choyera cha m'katicho n'chowawa. Khungulo lili ndi mafuta onunkhira koma lilibe asidi wowononga mtundu. Pa mbale mutha kuwazapo timasamba tiwiri titatu tatiwisi, tong'amba ndi manja nthawi yomweyo.

Kusakaniza masamba ofutsa ndi aawisi m'botolo limodzi sikuthandiza. Aawisiwo amabwera ndi enzyme yamoyo, ndipo imadetsa zonse.

Wophika pa loji, Zomba:

Zamveka bwino, ndipo mbewuyo yachitadi maluwa. Nanga mtedza ndi tchizi? Parmesan ndi wokwera mtengo. Mtedza wamba ungalowe m'malo mwa makademiya?

Wophika zakudya za ku Italy, Lilongwe:

Makademiya musawasiye, achemwali. Amalimidwa konkuno, ku Thyolo ndi madera ena, pamene mtedza wa paini ndi wochita kuitanitsa kunja. Kukoma kwake n'kofatsa, sikulimbana ndi chitsambachi. Dziwani chabe kuti mafuta ake amapitirira magawo 70 pa 100 aliwonse, ndiye mamililita 150 aja atsike afike 110, apo ayi mafuta aziyandama pamwamba. Akazingidwe mu uvuni pa madigiri 150 kwa mphindi 8 mpaka 10, angosintha mtundu pang'ono, ndipo azizire kotheratu asanagayidwe. Lawani kaye: makademiya okhalitsa amachita fungo la mafuta akale, ndipo limeneli silibisika. Kashu wa ku Mozambique amathekanso, amapereka pesto yotsekemera pang'ono ndi yokhuthala.

Mtedza wamba wokazinga uli ndi fungo lamphamvu, pesto imangosanduka chiponde chobiriwira. Pa nkhuku ungapite, utachotsedwa makoko ndi kusankhidwa bwino kuti wa chuku usalowe. Pa chambo ayi.

Tchizi pa nsomba siifunika yambiri. Magalamu 30 akwana, ndipo Grana Padano imagwira ntchito yomweyo pa mtengo wocheperapo. Pecorino ndi yamchere kwambiri pa lemon balm. Cheddar imanata. Tchizi ikasowa, onjezerani makademiya magalamu 15 ndi kamchere, ndi bwino kuposa kuika yolakwika.

Mphunzitsi wa zophika ndi ukhondo wa chakudya, Mzuzu:

Ndilowererepo pa kasungidwe, chifukwa mafuta amene ena amathira pamwamba pa pesto m'botolo amanamiza anthu. Amatseka mpweya kuti pesto isade, koma sateteza ku matenda. Adyo ndi masamba zimachokera m'nthaka, komwe kumapezeka Clostridium botulinum. Kachilomboka kamakula bwino pomwe palibe mpweya, pali chinyezi, asidi ndi wochepa. Botolo la pesto lili ndi zonsezo, makamaka tsopano ndimu yachotsedwa. Kufutsa kwa masekondi 10 sikupha njere zake, ndipo poizoni wake sanunkha kapena kusintha mtundu wa chakudya.

Ndiye pesto ikhale mufiriji pa madigiri 4 kapena kutsika, yolembedwa tsiku, ndipo isapitirire masiku anayi. Pa nthawi ya ntchito tulutsani yochepa, mbale yake ikhale pa ayisi, yotsalayo isabwerere m'botolo. Magetsi akazima kupitirira maola anayi popanda jenereta, tayani, musalawe. Yofuna kukhalitsa ipite mufiriza pa madigiri 18 pansi pa ziro, m'mathireyi a ayisi, magalamu 30 kagawo kalikonse, mpaka miyezi itatu. Tchizi ndi adyo mutha kudzaika posungunula, zimamveka bwino choncho. Kusungunula kuzichitikira mufiriji, osati pamoto. Pa menyu palembedwe kuti muli mtedza ndi mkaka, chifukwa alendo ena matupi awo sagwirizana nazo.

Mkulu wa khitchini ya hotelo, Blantyre:

Amayi anena zoona. Muyeso wa m'mawa ukhale uwu: lemon balm wanthete magalamu 60 ndi parsley 40, zoyeza zisanafutsidwe, makademiya 50, tchizi 30, kagawo kamodzi ka adyo, mchere magalamu atatu, khungu la ndimu theka la supuni yaing'ono, mafuta a mpendadzuwa mamililita 40 pogaya, a olivi 70 potakasa. Yambani ndi adyo, mchere ndi mtedza, kenako masamba ndi mafuta a mpendadzuwa, tchizi ndi a olivi m'mbale. Idzatuluka pafupifupi kota ya kilogalamu, yokwana mbale zisanu ndi zitatu.

Pa chambo muzipaka nsomba itachoka pa makala, osati isanawotchedwe, chifukwa moto umapsereza mtedza n'kuthamangitsa fungo. Pa pasta chimodzimodzi: chotsani poto pamoto, sungunulani pesto ndi masupuni awiri a madzi ophikira pastayo, kenako sakanizani.