Kodi olemba ntchito angafune chilichonse kwa wofunsira ntchito?

Wofunsa:
Ndikupempha odziwa malamulo a ntchito andiunikire. M'zilengezo zina za mwayi wa ntchito mumalembedwa kuti akufuna mkazi wosakwatiwa wa zaka zosapitirira 30, ndipo ena amauza ofunsira ntchito kuti akayezetse kaye mimba kapena HIV. Popeza kampani ndi yawo ndipo malipiro amapereka okha, kodi lamulo lingawaletse kusankha amene akumufuna?

Yankho loyamba:
Olemba ntchito ali ndi ufulu wosankha, koma chimene akufunacho chiyenera kuchokera pa ntchito yeniyeniyo. Pangano la nambala 111 la bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO, la m'chaka cha 1958, limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chipembedzo, maganizo a ndale, kumene anachokera, kapena chifukwa choti ndi mwamuna kapena mkazi, ngakhale kuti limalola kufuna chinthu chimene ntchitoyo singagwirike popanda icho. Dalaivala kumufunsa laisensi n'koyenera, koma sindikuona mmene ukwati wa mlembi ungakhudzire makalata amene akulemba. Pangano la nambala 183 la mu 2000 limaletsa kuyeza mimba pofunsira ntchito, kupatula pa ntchito zoika moyo wa mayi kapena mwana pachiswe, ndipo malangizo a ILO a mu 2010 amakana kukakamiza ofunsira ntchito kuyezetsa HIV.

Yankho lachiwiri:
Ndiwonjezereko kuti tsankho lina limabisala m'zofunika zooneka ngati zachilungamo. Mu 1971 khoti lalikulu la ku United States, pa mlandu wa Griggs ndi kampani ya Duke Power, linagamula kuti kufuna satifiketi ya kusekondale kunali kuphwanya lamulo, chifukwa kunkatsekereza anthu akuda ambiri pamene satifiketiyo sinkasonyeza kuti munthu angaigwire bwino ntchitoyo.

Yankho lachitatu:
Zonsezi n'zoona, komabe pa nkhani ya zaka tisafulumire. Msinkhu suli pa mndandanda wa pangano la mu 1958, choncho zimadalira malamulo a dziko lililonse. Mwachitsanzo, lamulo la ku United States la mu 1967 limateteza okhawo a zaka 40 kupita m'tsogolo. Mapangano a ILO nawo amamanga dziko limene lawavomereza, ndipo kukhoti mumaima ndi lamulo la dziko lanu. Musanakadandaule ku ofesi ya zantchito, sungani chilengezocho ndi makalata onse, chifukwa olemba ntchito ambiri salemba chifukwa chenicheni chimene akukanirani.